Kufunsa intavyu ofunsira malo ku yunivesite ya ku America: malangizo kwa ophunzira akale odzipereka

Mayunivesite angapo a ku United States amatuma anthu omwe anaphunzira pa sukulu zawozo kuti akacheze ndi achinyamata amene akufunsira malo. Ntchitoyi ilibe malipiro. Ku MIT anthuwa amatchedwa Educational Counselors, ku Yale ndi ku Princeton amakhala mu Alumni Schools Committee, ku Stanford gulu lawo ndi OVAL, ku Georgetown ndi Alumni Admissions Program, pomwe ku Harvard zimayenda kudzera m'makomiti a magulu a Harvard Club m'madera osiyanasiyana. Malangizo awa ndi a inu amene munamaliza maphunziro ku sukulu yotere ndipo mukufuna kuthandizako, kaya mumakhala ku Lilongwe, ku Lusaka, ku Johannesburg kapena ku Boston komweko. Amene amakhala kuno kwathu kapena amadziwa bwino kwathu nthawi zambiri amapatsidwa ana a ku Malawi ndi maiko oyandikana nawo, n'chifukwa chake titchula zambiri zokhudza ana amenewa.

Choyamba muzindikire kuti wosankha mwana si inu. Osankha ali ku ofesi ya yunivesite, ndipo ali kale ndi magiredi, makalata a aphunzitsi ndi nkhani zimene mwanayo analemba. Chimene alibe ndi munthu amene wakhala naye pansi ola lathunthu n'kumumvetsera. Ntchito yanu yonse yagona pa kumva zomwe mapepala sanganene, ndi kuzilemba mwakuti munthu amene sanapondepo ku Ntcheu kapena ku Chipata azimvetse.

Gawo loyamba: lembetsani, ndipo dziwani nthawi yokana

Yambani n'kutsimikiza kuti sukulu yanu ikuchitabe zimenezi. Columbia inasiya maintavyu a ophunzira akale mu 2023. Brown nayo inasiya, ndipo ofunsira malo amatumiza kanema wamfupi wodzifotokoza. Ku Britain nkhani ndi ina: ku Oxford ndi ku Cambridge ofunsa ndi aphunzitsi a phunzirolo, osati ophunzira akale.

Ngati pulogalamu ilipo, lembetsani kudzera ku ofesi ya ophunzira akale kapena yosankha ophunzira, cha mu Ogasiti kapena Seputembala. Mudzapatsidwa kabuku ka malamulo, maphunziro apafupi a pa intaneti ndi pangano loti musaine. Kabukuka muzikawerenga chaka chilichonse, chifukwa malamulo amasintha, ndipo pamene kakusiyana ndi zomwe zalembedwa pano, tsatani kabukuko.

Pali zifukwa zokulepheretsani kufunsa. Ngati mwana wanu kapena m'bale wanu weniweni akufunsira malo ku sukuluyo chaka chimenecho, pumani chaka chonse. Ngati mumalandira ndalama pothandiza ana kulemba mafomu a mayunivesite, sukulu zambiri sizingakulandireni. Ndiye pali vuto lathu lakuno: ofunsira malo ndi ochepa, ambiri amachokera m'sukulu zowerengeka zomwezo, ndipo m'tauni anthu timadziwana. Dzina likabwera n'kupeza kuti ndi mwana wa mnzanu wa kuntchito, wa amayi a mumpingo mwanu, kapena wa kusukulu komwe mumaphunzitsa, libwezeni kwa wapampando wa komiti tsiku lomwelo. Musadzinyenge kuti mudzatha kusakondera. Ngakhale mutathadi, lipoti lanu lataya kale mphamvu zikadzadziwika, ndipo wopwetekeka ndi mwanayo.

Gawo lachiwiri: konzani nthawi yanu molingana ndi kalendala yawo

Ntchitoyi imabwera m'mafunde awiri. Ofunsira msanga amatseka mafomu pa 1 Novembala ndipo amamva zotsatira pakati pa Disembala, kutanthauza kuti maintavyu awo onse amapanikizana mu Novembala. Ofunsira nthawi yawamba amatseka kumayambiriro kwa Januwale, ku Harvard ndi ku Princeton pa 1 Januwale, ku Yale pa 2, ndipo inu mumagwira ntchito kuyambira Januwale mpaka cha pakati pa Febuluwale. MIT imatulutsa zotsatira pa 14 Malichi, sukulu za Ivy League (gulu lomwe muli Harvard, Yale ndi Princeton) kumapeto kwa Malichi, ndipo otengedwa amayankha pofika 1 Meyi.

Mwana mmodzi muzimuwerengera pafupifupi maola atatu: theka la ola lopangana, ola locheza, ola kapena kuposerapo lolemba lipoti. Chaka choyamba tengani awiri kapena atatu pa funde lililonse. Kulandira maina asanu ndi atatu n'kusiya atatu osawafikira n'koipa kuposa kukana pachiyambi, pakuti dzina likakhala m'manja mwanu palibe wina angalitenge.

Gawo lachitatu: mupezeni mwanayo

Nthawi zambiri mudzangopatsidwa dzina, imelo, nambala ya foni ndi sukulu yomwe amaphunzira. Magiredi ndi nkhani zake simudzaziona, ndipo zimenezi amachitira dala. Musakamufufuze pa Google, Facebook kapena TikTok.

Tumizani imelo pasanathe masiku awiri kapena atatu. Pa mutu wa imeloyo pakhale dzina la yunivesite ndi mawu oti intavyu. M'kati mwake nenani dzina lanu ndi chaka chomwe munamaliza, kuti ofesi yakutumani, kuti kuchezako kudzatenga mphindi 45 mpaka ola, ndipo perekani masiku atatu oti asankhepo. Onjezani ziganizo ziwiri zimene zimachotsa mantha ambiri: kuti safunika kubweretsa mapepala aliwonse kapena kuvala suti, ndi kuti palibe ndalama iliyonse yolipira. Chachiwirichi n'chofunika kwambiri kuno, kumene mauthenga a anthu achinyengo olonjeza masikolashipu ndi ochuluka, ndipo kholo lochenjera limakayikira mlendo aliyense wofuna kukumana ndi mwana wake.

Akapanda kuyankha, musathamangire kuganiza kuti alibe chidwi. Ambiri ali ku sukulu zogonera komweko kumene foni n'zoletsedwa. Ena imelo yomwe analemba pa fomu amaitsegula kamodzi pa sabata akapeza bandulo, ena uthenga wanu wagwera mu spam. Pakatha masiku anayi tumizaninso, kenako tumizani uthenga wapafoni wonena kuti aone imelo. Mukayesa katatu osaphula kanthu, uzani ofesi zomwe munachita ndi masiku ake, popanda ndemanga. Iwo ndiwo adziwe chochita.

Gawo lachinayi: malo okumanirana

Ofunsira malo ambiri ali ndi zaka 17 kapena 18, ena sanakwane n'komwe. Pa chifukwa chimenechi lamulo la malo silipindika: pagulu, masana, pomwe anthu ena akukuonani. Malo omwera tiyi, laibulale, kapena chipinda cha pasukulu pawo chitseko chili chotsegula. Kunyumba kwanu ayi, kunyumba kwawo ayi, m'bala ayi, m'chipinda cha hotelo ayi. Musamunyamule pa galimoto yanu, ngakhale mvula ikugwa. Ngati thiransipoti yavuta, sinthani tsiku kapena chezani pa foni.

Sankhani malo oti mwanayo afikeko pa minibasi imodzi. Malo odula kwambiri amamuumitsa thupi mwana amene sanalowemo chibadwire, ndipo mphindi khumi zoyamba amathera kuganiza za mtengo wa botolo la Fanta. Muuzeni musanakumane kuti chakumwa mugula ndinu, kapena kuti sipafunika kugula kanthu. Fikani msanga, khalani poyang'ana khomo, ndipo mukhale mutamuuziratu mtundu wa malaya omwe mwavala.

Makolo akamuperekeza, apatseni moni bwinobwino, kenako muwapemphe mwaulemu: "Zikomo mayi pomuperekeza. Lamulo la sukulu ndi loti ndicheze naye payekha. Mukhoza kukhala apo pomwe mukutiona, tikatha ndidzabwera kudzayankha ngati muli ndi funso." Mwana sangalankhule momasuka za zomwe amakonda bambo ake ali phee pambali pake.

Maintavyu ambiri masiku ano amachitika pa intaneti, ndipo apa ndi pomwe zinthu zimasokonekera kaŵirikaŵiri. Zoom yaulere imadula pakatha mphindi 40, choncho konzekerani linki yachiwiri kapena gwiritsani ntchito Google Meet, yomwe pa anthu awiri sidula msanga chotero. Kanema wa ola limodzi angadye theka la GB kapena kuposerapo, ndalama yomwe kwa mabanja ena si yochepa. Njira yabwino ndi kuyatsa kamera mphindi zochepa zoyamba kuti muonane nkhope, kenako n'kumuuza kuti akhoza kuzimitsa. Gwirizanani pasadakhale kuti netiweki ikagwa mudzamuimbira ndinu pa foni wamba. Kumbukiraninso kuti nyengo ya maintavyu ndi nyengo ya mvula: ikagunda pa malata simumvana kanthu, ndipo magetsi angathime nthawi iliyonse. Zikatero imani, panganani tsiku lina, ndipo musazitchule mu lipoti ngati cholakwa chake.

Za nthawi: kuyambira kumayambiriro kwa Novembala mpaka Malichi, Malawi ndi Zambia zimakhala patsogolo pa Boston ndi New York ndi maola 7, pa London ndi maola 2, pomwe ndi Johannesburg nthawi ndi imodzi. Lembani nthawi ya kumene kuli mwanayo, osati yanu. Musajambule mawu kapena kanema wa kucheza kwanu, ndipo inunso mukhale pa malo oyenera, osati pabedi kapena mukuyendetsa galimoto.

Gawo lachisanu: kucheza kwenikweniko

Mphindi zisanu zoyamba ndi zomukhazika mtima pansi. Nenani kuti ndinu ndani, kuti simunaone mapepala ake, kuti simusankha ndinu, kuti mudzalemba lipoti lalifupi, ndi kuti kumapeto mpata wofunsa udzakhala wake. Muuzeninso kuti muzilemba pang'ono kuti musaiwale. Moni wa Chichewa kapena Chinyanja umamasula munthu, ndipo palibe choletsa, koma kucheza kwenikweni kukhale m'Chingerezi, poti ndi chilankhulo chomwe akaphunzirire. Akakakamira pa liwu n'kulinena m'Chichewa, musiyeni apitirize.

Apa pafunika diso la munthu wodziwa kwathu. Mwana woleredwa bwino amayang'ana pansi polankhula ndi wamkulu, amayankha mwachidule, amati "bwana" kapena "madamu" chiganizo chilichonse, ndipo sadzitama. Wofunsa wobadwira ku America angaone zimenezi n'kulemba kuti mwanayo sadzidalira. Inu mukudziwa kuti ndi ulemu. Koma musalekere pomwepo, chifukwa ulemu pawokha sudzaza lipoti. Muyenera kumutulutsa m'menemo, ndipo chida chake ndi mafunso ofuna nkhani, osati ofuna chiweruzo. Mukafunsa kuti "Ndiwe mtsogoleri wotani?" mudzalandira mawu oloweza. Mukafunsa kuti "Tandiuza za tsiku lomwe gulu lanu linakangana, unachitapo chiyani?" mudzamva zenizeni.

Poyambira pabwino ndi apa. Tsiku lako limayenda bwanji kuyambira podzuka mpaka pogona? Ndi phunziro liti limene umapitiriza kuliganizira ngakhale mayeso atatha? Unayesapo kupanga kapena kukonza chiyani n'kukanika? Loweruka lopanda chochita umalithera bwanji? Mafunso anayi kapena asanu ndi okwanira ola lonse, chifukwa ntchito yaikulu ili m'mafunso otsatira.

Tiyerekeze kuti mtsikana wanena kuti akufuna kukhala injiniya kuti atukule dziko lake. Mawu amenewa mudzawamva kwa pafupifupi aliyense, ndipo sauza ofesi kanthu. Funsani kuti zinayamba liti. Akati ankakonda kukonza zinthu, funsani kuti chomaliza kukonza n'chiyani. Akati nyali ya sola ya kunyumba, funsani kuti inavuta pati, anadziwa bwanji kuti ndi batire osati waya, zipangizo anazipeza kuti, ndipo ikanakanabe akanatani. Pofika funso lachinayi mudzaona chimodzi mwa ziwiri. Mwina mayankho atha n'kubwerera ku mawu oloweza aja, kapena mwanayo wadzuka, waiwala "madamu", akujambula ndi chala patebulo momwe anayesera batire ndi babu la tochi. Chachiwirichi ndi chimene mwabwerera. Lembani mawu ake enieni awiri atatu nthawi yomweyo.

Funso la tsiku lake lija musalipeputse. Ana a m'sukulu zolemera amabwera ndi mndandanda wa makalabu, mipikisano ndi maulendo. Mwana wa ku CDSS angakuuzeni kuti alibe chochita china kupatula sukulu, chonsecho amadzuka 4 koloko kukatunga madzi, amayenda ola kupita kusukulu, akaweruka amagulitsa pa okala ya amayi ake n'kulemba yekha kabuku ka ngongole, ndipo madzulo amaphunzitsa ang'ono ake masamu. Iye saona kuti zimenezi n'zoyenera kutchula. Mayunivesitewa amaziwerengera, moti fomu ya Common App, yofunsira malo m'mayunivesite ambiri a ku America, ili ndi malo olembapo udindo wa pabanja pakati pa zochita za wophunzira. Funsani maola ake pa sabata, chifukwa ofesi imamva bwino nambala kuposa mawu oti amathandiza kwambiri pakhomo.

Inu muzilankhula pang'ono, osaposa gawo limodzi mwa magawo anayi a nthawi yonse. Akakhala chete akuganiza, werengani chamumtima mpaka 5 musanamuthandize. Musamuyese mayeso a masamu kapena a mbiri ya dziko, ndipo musatsutsane naye kuti muone ngati angapirire. Cholakwa chofala kwambiri mwa ofunsa ndi kuthera theka la ola akusimba za masiku awo a ku koleji, kenako n'kulemba kuti mwanayo ndi wofatsa.

Pali zosafunsa. Musafunse magiredi kapena zotsatira za SAT, mayeso omwe ofunsira malo ku mayunivesite a ku America amalemba, pokhapokha kabuku kanu katalola. Musafunse mayunivesite ena omwe wafunsirako kapena yomwe waiika patsogolo. Musafunse za ndalama za makolo, chipembedzo, chipani, matenda, kulumala, chibwenzi. Ndipo chenjerani ndi mafunso omwe kwathu ndi moni chabe: "Kwanu n'kuti?", "Mfumu yanu ndani?", "Ndiwe mwana wa ndani?" Pamaliro kapena paukwati awa ndi mafunso abwino. Pa intavyu amamveka ngati mukufufuza mtundu wake kapena kulemera kwa banja lake, ndipo mwana angapite akuganiza kuti wagwa chifukwa cha dzina la bambo ake. Komanso pa 29 Juni 2023 Khoti Lalikulu la ku United States, pa mlandu wa Students for Fair Admissions ndi Harvard, linaletsa kusankha ophunzira potengera mtundu kapena khungu, ndipo kuchokera pamenepo mayunivesite anakhwimitsa malangizo a zomwe wofunsa angafunse ndi kulemba. Mwanayo akayambitsa yekha nkhani yotere, mvetserani, koma musanailembe onani zomwe kabuku ka chaka chimenecho kakunena.

Nthawi zina mwana amalira akafika pa imfa ya kholo kapena pa chaka chomwe anakhala pakhomo chifukwa cha fizi. Imani, mupatseni nthawi, mufunseni ngati akufuna kupitiriza nkhaniyo kapena kusintha. Akaulula zoti akuchitiridwa nkhanza kapena akufuna kudzivulaza, musalonjeze kusunga chinsinsi. Dziwitsani ofesi tsiku lomwelo.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: mafunso ake

Siyani mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Yankhani zomwe mukudziwa, ndipo nenani poyera kuti zina zasintha chichokereni inu. Ana akuno amafunsa kwambiri za kuzizira, chakudya, kusowa kwawo ndi momwe munthu wakuda amakhalira kumeneko. Ayankheni zoona.

Ambiri amanena kuti akufuna kukaphunzira udokotala kapena zamalamulo, osadziwa kuti ku America maphunziro amenewa amabwera munthu atamaliza kale digiri yoyamba ya zaka zinayi. Mufotokozereni, ndipo musamuchotsere kanthu pa chifukwa chimenecho, poti kwathu munthu amayamba njira ya udokotala akangochoka ku sekondale.

Pa za ndalama nenani zochepa zotsimikizika. Harvard, Yale, Princeton ndi MIT zimasankha ophunzira, akunja omwe, osayang'ana ngati angathe kulipira, ndipo zimathandiza molingana ndi kusowa kwa banja. Mayunivesite ena ambiri satero kwa ophunzira akunja. Zotsala zonse, monga mafomu a CSS Profile opemphera thandizolo, mutumizeni ku ofesi yoona za thandizo la ndalama. Za viza musayankhe n'komwe, malamulo ake amasinthasintha. Alangizi a EducationUSA, nthambi ya boma la America yolangiza ofuna kukaphunzira kumeneko, omwe amapezeka ku Lilongwe ndi ku Lusaka, ndiwo oyenera.

Funso lomaliza limakhala loti, "Ndiye mukuona ngati nditengedwa?" Yankho ndi limodzi kwa aliyense: simudziwa, simunaone mapepala ake, ndipo simusankha ndinu. Musanene kuti "usadandaule, zako zayera" ngakhale atakusangalatsani chotani. Mawu amenewo akafika kunyumba amasanduka lonjezo, ndipo banja lonse limayamba kukonzekera ulendo.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: lipoti

Lembani tsiku lomwelo, kapena pasanathe maola 48. Mukachedwa sabata, ana awiri amasakanikirana m'mutu ndipo chotsala ndi mawu oyamikira opanda mnofu. Mukangosiyana naye, khalani mphindi khumi pomwepo n'kulemba zonse zomwe mukukumbukira, makamaka mawu ake enieni. Lipoti limalembedwa m'Chingerezi pa fomu ya pa intaneti ya yunivesite, ndipo ndime zitatu mpaka zisanu n'zokwanira. Owerenga ali ndi mafaelo ambirimbiri, choncho chachikulu chikhale m'ziganizo ziwiri zoyamba.

Taonani kusiyana kwake. Wina alemba kuti mtsikanayu ndi wanzeru, wolimbikira, waulemu, ndipo adzakhala dalitso ku yunivesite. Chiganizo chimenecho chingakwanire ana onse omwe afunsira malo, choncho sichithandiza aliyense. Wina alemba kuti mtsikanayu anayamba mwamanyazi, koma atafika pa nyali ya sola anafotokoza kwa mphindi khumi momwe anapezera kuti vuto ndi batire, poiyesa ndi babu la tochi chifukwa analibe chipangizo choyezera, ndipo atafunsidwa chomwe akanachita ikanakana, anatchula njira zina ziwiri n'kuvomera kuti yachitatu sakuidziwa. Apa wowerenga waona yekha chidwi, luso ndi kuona mtima, inu osatchula liwu lililonse mwa amenewo. Lamulo lake ndi loti chiweruzo chilichonse chitsatane ndi chomwe munaona kapena kumva.

Ndime imodzi ikhale yofotokoza malo, ndipo apa ndi pomwe inu mumaposa wofunsa wina aliyense. Wowerenga ku Cambridge ya ku Massachusetts (kuli Harvard ndi MIT) kapena ku New Haven (kuli Yale) sangadziwe kuti CDSS ndi sekondale yoyendera ya m'dera, kuti kusankhidwira ku sekondale ya boma yogonera komweko ndi mpikisano waukulu, kapena kuti pa MSCE mapointi ochepa ndiwo abwino ndipo 6 ndiye mapeto. Sangadziwe kusiyana kwa mwana amene analemba MSCE ndi amene anachita IGCSE ndi A Level pa sukulu yolipira. Fotokozani mwachidule, molondola, mopanda kumvetsa chisoni. Lembani zomwe mwanayo wachita ndi zomwe anali nazo, osati momwe anavutikira basi. Inu si nkhoswe yake yoti mumunenerere zabwino zokhazokha. Ofesi ikaona kuti mwana aliyense wakwanu mumamutcha wosowa mnzake, imasiya kukukhulupirirani, ndipo amene alidi wapadera sadzaonekanso.

Mafomu ena amafuna kuti mupereke manambala. Pa mlandu wa Harvard uja, womwe unazengedwa koyamba ku Boston mu 2018, zinadziwika kuti ofunsa amapereka manambala pa maphunziro, zochita zina, umunthu ndi chithunzi chonse, ndipo 1 ndiye wapamwamba. Werengani tanthauzo la nambala iliyonse m'kabuku kanu. Nambala yapamwamba ndi ya mwana amene mungakumane naye kamodzi pa zaka zingapo. Onetsetsani kuti nambala ikugwirizana ndi mawu. Lipoti lofunda lokhala ndi nambala yotsika, kapena lozizira lokhala ndi yapamwamba, limangosokoneza owerenga.

Zosasangalatsa zilembeni momwe zinachitikira. Ngati anachedwa theka la ola osapepesa, ngati ananyoza aphunzitsi ake, ngati ankaoneka kuti akuwerenga mayankho pa kompyuta, nenani zomwe munaona n'kusiya chiweruzo kwa ofesi. Ngati kucheza sikunayende chifukwa cha netiweki kapena mantha, nenani kuti simunathe kumuona bwino, zomwe n'zosiyana ndi kunena kuti mulibe kanthu mwa iye. Musatchule maonekedwe, zovala kapena katchulidwe ka Chingerezi chake. Chofunika n'choti amamva ndipo amatha kufotokoza maganizo ake, osati ngati amasokoneza l ndi r.

Lembani ngati mwiniwakeyo adzawerenga, chifukwa angathedi kutero. Lamulo la ku America la FERPA, la 1974, limalola wophunzira amene walowa pa yunivesite kupempha kuona zolembedwa za iye zomwe sukulu ikusunga, ndipo ena apezamo malipoti a owafunsa. Musaike dzina la mwanayo kapena nkhani zake m'mapulogalamu a AI kuti akulembereni lipoti, musazikambe pa gulu la WhatsApp la anzanu, ndipo mukatumiza lipoti ng'ambani mapepala omwe munalembapo.

Gawo lomaliza: zotsatira zake

Ambiri amatumiza uthenga wothokoza. Yankhani ndi ziganizo ziwiri. Akatumiza masatifiketi kapena nkhani zina, auzeni azitumize ku ofesi. Mphatso musalandire, kaya ndi nkhuku, thumba la mpunga kapena mayunitsi a foni. Kukana mphatso kwathu kumapweteka, choncho kanani ndi chifukwa: "Zikomo kwambiri bambo, koma lamulo la sukulu silindilola, ndipo ndikalandira zingamuonongere mwanayu." Kholo likamaimba foni kufunsa momwe zikuyendera, nenani kamodzi kuti simudziwa kanthu kufikira tsiku la zotsatira, ndipo likapitiriza dziwitsani wapampando wa komiti.

Konzekerani kuti ambiri omwe mwawakonda sadzatengedwa. Ku Harvard ndi ku MIT, zaka zaposachedwazi, otengedwa sakwana 5 mwa ofunsira 100 aliwonse, ndipo wofunsa angathe zaka zingapo osaona wake ndi mmodzi yemwe akulowa. Zimenezi sizitanthauza kuti lipoti lanu silinawerengedwe, ndipo si chifukwa chokwezera manambala chaka chamawa. Musalembere ofesi kudandaula.

Mwana akatengedwa, ofesi imakudziwitsani ndipo kaŵirikaŵiri imapempha kuti mumuyamikire. Dikirani mpaka mutatsimikiza kuti iye waona kale zotsatira zake. Kuyambira pamenepo mpaka 1 Meyi mukhoza kumuthandiza momasuka: kumulumikiza ndi ophunzira a ku Africa omwe ali pasukulupo, kumuuza zovala zogula akafika ndi zosavutikira kunyamula, kuyankha mafunso a makolo. Amene sanatengedwe musayambe ndinu kumulembera, pokhapokha kabuku kanu katalola. Akalemba yekha kufunsa chomwe analakwitsa, muuzeni zoona, kuti simunauzidwe chifukwa ndipo ofesi siulula, kuti munasangalala kucheza naye, ndipo ngati akufuna kuyesanso chaka chamawa kapena kuyang'ana mayunivesite ena omwe amathandiza ophunzira akunja, ayambire kwa alangizi a EducationUSA kapena kwa mphunzitsi amene anamuthandiza mafomu.